Nkhondo ya ku America ija gwero lake linali ukapolo, achimwene

Achimwene mwafunsa ngati nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865 inayambadi chifukwa cha ukapolo, poti ena akuuzani kuti inali ya misonkho komanso ufulu woti state iliyonse izidzilamulira yokha. Gwero lake linali ukapolo basi, kungoti si zija amaganiza ena zoti kumpoto kunali anthu achifundo amene anangodzuka mmawa nkumati tiyeni tikamasule akuda ayi.

Choyamba ndi ndalama. Mu 1793 Eli Whitney anapanga makina ochotsa njere mu thonje, kuchokera pamenepo minda ya thonje kummwera inangoti mbwee ndipo olima ake anali akapolo. Pofika 1860 akapolo anali pafupifupi 4 miliyoni pa anthu 31 miliyoni, thonje lokha likubweretsa zoposa theka la ndalama za katundu wogulitsa kunja, lambiri likupita ku mafakitale a nsalu ku Britain. Kapolo anali chuma choti munthu amakapereka chikole ku banki nkutenga ngongole. Paja nthawi yomweyi Livingstone amayenda kuchigwa cha Shire, ndipo chimodzi chomwe amalota chinali choti kuno kuzilimidwa thonje kuti a ku Britain asiye kudalira la akapolo.

Koma mkangano weniweni unali pa malo atsopano a kumadzulo. State iliyonse imakhala ndi ma senator awiri mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo, ndiye ikalowa yatsopano funso limakhala loti ya akapolo kapena yopanda akapolo, chifukwa mbali imene yachuluka ndiyo izipanga malamulo. Mu 1820 anagwirizana kuti Missouri ilowe ndi akapolo, Maine ilowe yopanda, nkulemba mzere pa mapu kuti kumpoto kwake ukapolo usafike. Zinagwira ntchito kwa kanthawi mpaka atalanda malo aakulu kwa Mexico mu 1848, mkangano nkuyambiranso, kenako mu 1854 lamulo la Kansas-Nebraska linafafaniza mzere uja nkuti anthu okhala kumaloko avote okha, ndiye mbali zonse zinathamangira ku Kansas ndi mfuti kuti akachuluke pa mavoti, anthu kuphana zenizeni nkhondo isanayambe nkomwe.

Kuti muone pamene mitima inafika, mu May 1856 senator Charles Sumner wa ku Massachusetts atalankhula motukwana a ukapolo, phungu wa ku South Carolina Preston Brooks anamupeza atakhala pa desiki yake mu Senate momwemo nkumukwapula ndi ndodo mmutu mpaka ndodo kuthyoka, mkuluyo magazi okhaokha. Zinamutengera zaka zitatu kuti abwerere bwinobwino pantchito. Kummwera anthu mmalo mochita manyazi anamutumizira Brooks ndodo zatsopano ngati mphatso, tangoganizani. Chaka chotsatira khothi lalikulu pa mlandu wa Dred Scott linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika komanso Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ilibe mphamvu yoletsa ukapolo ku malo atsopano aja, ndipo mu 1859 John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo, anaukira nkhokwe ya zida ku Harpers Ferry kuti akapolo agalukire, anamunyonga.

Tsono za ufulu wa ma state zo, mukawafunse anzanuwo kuti ufulu wochita chani. Mu 1850 akummwera omwewo ndi amene anakakamira lamulo loti boma lalikulu lizigwira akapolo othawira kumpoto olo state yakeyo isakufuna, wogwidwayo osaloledwa kudziteteza pakhothi, ndipo woweruza amalandira madola 10 akamubweza kwa mbuye wake koma madola 5 akamumasula. Ku Boston mu 1854 pamafunika asilikali kuperekeza munthu mmodzi, Anthony Burns, kukakwera sitima yobwerera ku Virginia. South Carolina pochoka mu dziko la America inalemba dandaulo loti ma state a kumpoto akukana kubweza akapolo othawa, kutanthauza kuti ufulu wa state umakoma ukakhala wawo okha, wa anzawo ayi. Za misonkhonso sizikugwira, unalipodi mkangano wa msonkho mu 1832 koma unatha popanda nkhondo, ndipo pofika 1857 msonkhowo unali utatsika kwambiri, wokwera uja unabwera mu March 1861 ma state asanu ndi awiri atachoka kale.

Chinatsirizitsa ndi chisankho cha November 1860. Abraham Lincoln wa chipani cha Republican anawina ndi mavoti osakwana 40 peresenti, kummwera malo ambiri dzina lake silinali pa chisankho nkomwe, ndiye akummwera anaona kuti tsopano pulezidenti atha kusankhidwa popanda iwo. Lincoln amanena poyera kuti komwe kuli ukapolo sakhudzako, iye amangokana kuti ufalikire, koma iwo amadziwa kuti ukatsekeredwa malo amodzi mapeto ake udzafa. South Carolina inachoka pa 20 December 1860, ena nkutsatira mpaka anakwana 11 nkupanga boma lawolawo, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti wawo Alexander Stephens ananena yekha mu March 1861 kuti maziko a boma lawo ndi oti wakuda safanana ndi mzungu. Mfuti zinayamba kulira pa 12 April 1861 ku Fort Sumter, linga la asilikali a boma ku South Carolina.

Pomwe anzanuwo ali ndi kamfundo ndi apa, akumpoto analowa nkhondo kuti dziko lisagawike, ambiri mwa iwo analinso atsankho, ndipo ma state anayi a akapolo monga Kentucky ndi Maryland anatsala mbali ya Lincoln. Mu 1862 iye mwini analemba kuti akanatha kupulumutsa dziko osamasula kapolo ndi mmodzi yemwe akanatero. Kumasula kunabwera pa 1 January 1863 nkhondo ili mkati, ukapolo nkuthetsedwa kwathunthu mu 1865, anthu oposa 600,000 atafa. Ngati muli ndi bandulo sakani pa intaneti chikalata chimene Mississippi inalemba pochoka mu January 1861, ndi chachifupi, mukawawerengere anzanuwo mizere yoyambirira yokhayo muone ngati adzatchulenso za msonkho.