Wadiropu yadzaza koma chovala palibe

Achemwali mwafunsa kuti mwangoyamba ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, mwezi uliwonse mukugula zovala koma kukacha mumangoima kuyang'ana wadiropu osaona choti muvale, ndiye muyambire pati. Ndiyankheko poti ine zimenezi zinandidya ndalama zaka zingapo.

Loweruka likubwerali musapite ku msika. Tsitsani zonse pa bedi, ndi za mu sutikesi zomwe, muziike pawiri, zomwe mwavala miyezi itatu yapitayi uku, zomwe simunazikhudze uko. Muona nokha kuti mulu wachiwiriwo ndi madiresi a pa ukwati, mabulauzi okongola koma opanda siketi yogwirizana nawo, ndi zija munatola pa kaunjika chifukwa wogulitsa anatsitsa mtengo madzulo. Vuto lake timagulira zochitika, pomwe moyo wathu ndi masiku 5 ku ntchito, tsiku limodzi ku tchalitchi, kenako maliro apa ndi apo.

Ndiye guliranitu sabata yanuyo. Ine ndinakhazikika pa zam'munsi zitatu, siketi yakuda, thalauzi lakuda ndi lina la khaki, zopanda maluwa, ndi mabulauzi 6 oti iliyonse ilowe pa zitatu zonsezo. Werengani, 3 kuchulukitsa ndi 6 ndi 18, kutanthauza masabata atatu a ntchito ndi masiku ena pamwamba osabwereza kavalidwe. Anthu a mu ofesi sawerenga masiketi akuda ayi, amaona za kumtundazi. Onjezani diresi imodzi yaulemu yoti mupite nayo ku tchalitchi komanso ku msonkhano, jekete imodzi yabwino, jinzi, nsapato zafulati zoyendera ndi zina zotalikako zosiya pansi pa desiki. Zitenje ziwiri zosasoka musaziiwale, chimodzi chizikhala mu chikwama chifukwa uthenga wa maliro sufunsa kuti lero mwavala thalauzi.

Pa zam'munsizo ndi nsapato ndi pomwe musaumire ndalama, zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku, kukwera minibasi, kabaza, fumbi la Lilongwe lija. Mabulauzi kaunjika ali bhobho, ku Tsoka kapena mu mashopu a DAPP, bola mupite ndi kapepala kolemba chomwe mukufuna ndipo tsiku lotsegula belo mutenge ndalama ya chinthu chimenecho basi, foni ya Airtel Money kapena Mpamba isalowerere. Muyang'ane mkhwapa, kolala ndi zipi, muunike nsalu padzuwa, ndipo werengani kalebulo kamkati. Chikalembedwa 100% polyester chisiyeni ngakhale chikongole bwanji, mu Okutobala muzaphika thukuta. Thonje kapena linen ndiye wa kuno.

Za nyengo ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timagula juzi mu June tikunjenjemera, nthawi yomwe aliyense akuifuna ndipo mavenda akudziwa. Kaunjika amachokera ku maiko ozizira, majuzi ndi majekete amabwerabe chaka chonse, ndiye gulani mu Okutobala kapena Novembala pomwe palibe akuwayang'ana, mutha kunenerera mpaka wogulitsa atatopa nanu. Kuzizira kwathu ndi kwa Meyi mpaka Ogasiti, kolimba kwenikweni June ndi Julaye, ndipo ku Lilongwe ndi m'mawa ndi usiku, masana mumavula. Juzi imodzi, sikafu ndi jekete ija zakwana, pokhapokha akakusamutsirani ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Thyolo kwa chiperoni, kumeneko muzawonjezera. Dzinja silifuna fashoni, likufuna ambulera yolimba ndi nsapato zosaopa matope, mugule mvula isanayambe. Komanso nthawi imeneyo zochapa zimatenga masiku osauma ndiye mabulauzi 6 aja ndi pomwe amakupulumutsani, ndipo muzisita chilichonse chomwe chayanikidwa panja ngakhale ndi simbi ya makala magetsi akazima, mphutsi zija zimalowa pakhungu kudzera mu zovala zonyowa. Ine ndinadziikira kuti nyengo iliyonse zatsopano ziwiri basi, zozizira ziwiri, zotentha ziwiri, za mvula ziwiri, ndipo china chikalowa china chizituluka kupita kwa ang'ono anga kumudzi.

Tsono dzenje lalikulu lomwe sitimalitchula ndi zitenje za zochitika. Chinkhoswe chitenje chake, bridal shower chake, ukwati chake, Mother's Day pa 15 Okutobala ku mpingo chake, chilichonse kugula nsalu kenako kulipira telala, kuvala tsiku limodzi, kujambulitsa, basi chagona mu sutikesi. Chichitikireni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu sizinabwererenso, nsalu ndi msoko zonse zinakwera, ndiye kuvomera gulu lililonse la WhatsApp ndi kudzipweteka. Ine ngati si wachibale weniweni kapena mnzanga wapamtima ndimangopita ndi diresi yanga ija ndi ndalama ya perekaniperekani, palibe anandibwezapo pa khomo. Ndikavomera kusoketsa ndimawauza atelala kuti asoke siketi payokha bulauzi payokha, opanda mikono ya mafufu ndi mchira wokwekwereza pansi. Ukwati ukatha siketi ija imalowa pa bulauzi yoyera Lachisanu ku ntchito, ya kumtundayo imakwera pa siketi yakuda. Mupeze telala mmodzi wodziwa thupi lanu, muwauze azisiya nsalu yokwanira mkati mwa msoko, mwezi wachisanu ndi chimodzi wa malipiro thupi limabwera, muzangomasulitsa.