Zoti sinowo amagwa mu Seputembala panjira ya ku Durban n'zoona

Achemwali, mwafunsa ngati amene akukuuzani kuti mutenge mabulangeti paulendo wanu wa Seputembala wochoka ku Joni kupita ku Durban akungokuopsezani, poti nyengo yozizira yatha ndipo mitengo yayamba kuphuka. Ayi ndithu, akukufunirani zabwino.

Kumbukirani zomwe zidachitika pa 20 ndi 21 Seputembala 2024. Sinowo adagwa wambiri pamsewu wa N3, makamaka pa Van Reenen's Pass, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, msewu mpaka kutsekedwa. Mathiraki, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono adangoima mndandanda, anthu n'kugona momwemo usiku wonse, ena chakudya chitawathera. Mayi wina amene adali mu minibasi adamwalira ndi kuzizira. Zonsezi zidachitika pamene kalendala imati kwayamba kufunda.

Vuto ndi loti kumwera kuno Seputembala ndi mwezi wa pakatikati. Dzuwa layamba kuwotcha, inde, koma mphepo yozizira yochokera kunyanja ya kumwera imakhala isanaleke kubwera. Nthawi zina chigawo cha mpweya wozizira kwambiri chimapatuka mumlengalenga n'kumangozungulira pamalo amodzi kwa masiku angapo. A zanyengo amachitcha cut-off low. Chikatero chimakoka chinyezi cha m'nyanja ya Indian Ocean n'kuchikankhira kumapiri a Drakensberg. Mpweyawo ukamakwera phiri umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, ndiye imene ikadakhala mvula ku Pietermaritzburg imagwa ngati sinowo pamwamba paja. Amene mudakulira ku Mulanje kapena ku Thyolo mukudziwa mmene chiperoni chimabwerera, kumacha bwinobwino, pofika masana phiri osaonekanso. Kachitidwe kake n'kofananako, kungoti kuno mphepo yake ndi yozizira koposa. Musasokoneze ndi matalala: matalala amagwa mwamkokomo n'kusiya, pomwe sinowo amagwa mwakachetechete ngati ufa, maola ambiri, n'kumaunjikana.

Chodabwitsa n'choti Johannesburg ili pamalo okwera mofanana ndithu ndi Van Reenen, koma sinowo kumeneko ndi wosowa. Atagwa mu Julayi 2023 anthu adatuluka m'maofesi kukajambula, poti adali atatha zaka zoposa khumi osamuona. Kusiyana kwake n'koti chinyezi chambiri chimathera pamapiri chisanafike mkati. Ndiye musayang'ane kumwamba muli ku Joni n'kunena kuti njira yonse ili chonchi.

China chimene chimanamiza anthu ndi kutentha. Kusanazizire, ku KwaZulu-Natal kumayamba kuwomba mphepo yotentha ndi youma yotsika m'mapiri, imene amati berg wind. Munthu umatuluka thukuta, juzi n'kuisiya pakhomo. Ineyo ndikaona kutentha kwachilendo chotero m'miyezi imeneyi ndi pamene ndimayamba kukayika.

Kutatsala masiku awiri kuti munyamuke, onani machenjezo a nthambi ya zanyengo ya South African Weather Service. Akalemba za sinowo ndi mtundu wa olenji kapena wofiira, sinthani tsiku, zoti tikiti yagulidwa kale zisakukakamizeni. A N3 Toll Concession, kampani yoyang'anira msewuwu, nawonso amalengeza msewu ukatsekedwa. Ngati mukukwera basi, bulangeti, jekete, masokosi, madzi ndi kachakudya zikhale nanu pampando, osati m'chikwama chimene chili kunsi kwa basi. Foni ikhale yodzadza. Ngati mukuyendetsa nokha, thirani mafuta okwanira ku Harrismith, ndipo mukaona kuti wayamba kugwa, bola kugona komweko kusiyana ndi kutsetsereka phiri lija, chifukwa matayala athu wambawa sagwira pamsewu woundana. Mukatsekeredwa, khalani m'galimoto, injini muziiliza kanthawi n'kuzimitsa, zenera lotsegula pang'ono, ndipo onetsetsani kuti paipi ya utsi sinatsekeke ndi sinowo.

Mwatchulanso zofuna kukwera Sani Pass kukaona Lesotho. Kumeneko ndi nkhani ina: pamwamba pake ndi mamita oposa 2,800, pamafunika galimoto ya 4x4 ndi pasipoti, ndipo kuzizira kwake sikuona mwezi. Kwa anawo ndingati dikirani kaye Novembala, ngakhale pamenepo majekete musawasiye.