Spitfire muisiye kaye, yambani ndi kandege koponya ndi dzanja

Achimwene, mwafunsa pulani yosavuta ya kandege koti mupange ndi mnyamata wanu wa zaka 11, komwe mungagule kit (bokosi la zidutswa zomangira kandege) kuno ku Zomba, komanso rimoti yabwino. Za rimotizo aziyankha eni ake. Ine ndinenako za zomwe zinandidyera ndalama.

Kit yoti n'kuulukadi sindinaionepo m'sitolo za kuno, ndipo ndinayendayenda kuyambira kumsika waukulu mpaka ku Chinamwali. N'zoitanitsa kunja basi. Amene akuuzani za makit a kampani ya Airfix aja asakusokonezeni: zimenezo ndi zapulasitiki zomata n'kupenta, zambiri za sikelo ya 1:72, zoika pa kabati alendo aziona. Mukaiponya imauluka ngati mwala.

Ine msuweni wanga anandibweretsera kit ya ndege yankhondo ya Spitfire, ya balsa (mtengo wopepuka kwambiri), kuchokera ku Johannesburg, ya madola 30 kapena kuposerapo pang'ono. Ndinaisankha chifukwa cha chithunzi cha pa bokosi, ndisaname. Kutsegula muja, timitengo ting'onoting'ono ngati machesi, kaphiko kalikonse kali ndi nthiti zakezake zodula ndi lezala. Masabata atatu ndili pa tebulo lodyera, mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso lija. Tsiku louyesa ndinapita nayo pabwalo la mpira, ana a m'dera lonse ali pambuyo panga. Ndinapota mphira wozunguza pulopela, n'kuiponya. Inakweza mphuno m'mwamba, n'kuima, n'kupendekera kumanzere, phiii! pansi. Phiko linathyokera pamalo atatu. Anawo anaseka mpaka wina kukhala pansi.

Cholakwa chinali changa. Ndege zankhondo ngati Spitfire mapiko ake ali m'munsi mwa thupi ndipo mchira ndi waung'ono. Zinapangidwa kuti zizitembenuka msanga m'manja mwa woyendetsa, osati kudziwongola zokha. Komanso yangayo inalemera kumchira, ine osadziwa kuti pali chinthu choti n'kuyeza.

Ndiye poona pulani, maso anu akhale pa mapiko. Akhale pamwamba pa thupi, owongoka ngati thabwa, nsonga zake zokwera pang'ono m'mwamba ngati V wotambasuka. Kukwera kumeneko pa mapulani amalemba kuti dihedral, ndipo ndi kumene kumabweza ndege ikapendekeka. Zidutswa zikapitirira khumi ndi zisanu, kwa mwana wa zaka 11 zachuluka. Iye akufuna aione ikuuluka Loweruka lomwelo, osati mwezi wamawa.

Mapulani awiri ndi omwe ndingaikire umboni. Delta Dart, ena amati AMA Cub, ya Frank Ehling, ndi timitengo towerengeka, pepala, mphira ndi pulopela, ndipo madzulo amodzi yatha. Ina ndi FT Tiny Trainer ya Flite Test, yopangidwa ndi foam board, bodi yopepuka ya kaylite womatidwa pepala mbali zonse ziwiri. Ubwino wake mumayamba nayo yopanda injini, yongoponya, ndiye ndalama zikadzapezeka mumadzaikamo mota ndi rimoti m'thupi lomwelo. Pa webusaiti ya Outerzone pali mapulani akale masauzande aulere, koma mukalowamo musanadziwe chomwe mukufuna, mutulukamo ndi Spitfire ina.

Posindikiza chenjerani. Mapulani ambiri a ku America ndi a pepala la Letter, ife kuno ndi A4, ndipo makina akasiyidwa pa Fit to page amachepetsa tsamba lililonse mwakachetechete. Auzeni asankhe Actual size, 100%, ndipo mupite ndi rula m'thumba. Kabokosi koyezera ka pa pulanipo kakalembedwa inchi imodzi, pa rula pazikhala masentimita 2.54. Yesani tsamba limodzi musanalipire onse.

Foam board ya mamilimita 5 muifunse kwa olemba zikwangwani kapena m'masitolo a zolembera ku Blantyre, koma muinyamule m'manja kaye, ina imalemera ngati siling'i bodi. Ikasowa, kaylite wa m'makatoni a firiji amagwira ntchito mukamusenga bwino. Chiwale chouma nachonso n'chopepuka mokwanira kupangira thupi, chomwe chija tinkasemera timagalimoto tili ana, ndipo timitengo ta nsungwi timalimbitsa phiko. Super glue musayandikize pa kaylite, amamudya n'kusiya dzenje. Penti wopopera chimodzimodzi. Guluu woyera wa akalipentala amachedwa kuuma koma sawononga. Wa mfuti yotentha ndi wachangu, kungoti ndegeyo musaisiye m'galimoto yotseka dzuwa la Okutobala, mukaipeza mapiko atagwa.

Wina wanena kuti za makatonizi n'zachibwana. Mu 2017 ophunzira a kuno kwathu, mothandizana ndi a yunivesite ya Virginia Tech ya ku America, anaulutsa ku Kasungu drone yotchedwa EcoSoar, ndipo thupi lake linali la foam board yomweyi.

Musanaponye koyamba, ikani zala ziwiri pansi pa mapiko, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsogolo kwa phiko. Ndege ikhale yowongoka, kapena mphuno yoweramira pansi pang'ono. Ikagwera kumchira, matani kandalama kachitsulo ka K5 kapena K10 kumphuno ndi selotepi. Yolemera kumphuno imauluka moipa koma imatera. Yolemera kumchira ndi ija ndakuuzani. Poponya musalozetse kumwamba ngati mukugenda mango, ikankheni mofatsa molunjika, moyang'anizana ndi mphepo. Ikamakwera n'kugwa, kukwera n'kugwa, onjezani kulemera kutsogolo. Ikamangolowa pansi, chotsaniko.

Nthawi yabwino ndi m'mawa cha m'ma 6 koloko mphepo isanadzuke. Miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, kandege kopepuka kamangotengedwa ngati jumbo, ndipo kufupi ndi phiri mphepo imazungulira mosadziwika bwino. Pezani bwalo la udzu lopanda mawaya a magetsi. Zomba ndi tauni ya asilikali, ndiye kufupi ndi Air Wing, Cobbe Barracks, State House kapena ndende musayerekeze, ngakhale kakhale ka kaylite. Simungafune kukafotokoza za dihedral pa geti.

Mukadzafika pa za mota, batire lake, lotchedwa LiPo, musamalisiye pa chaja usiku, makamaka ndi magetsi athu ongobwera modzidzimutsawa, ndipo likatupa lisalowenso m'nyumba. Koma pakadali pano gulani malezala atsopano asanu, chifukwa wobuntha amang'amba foam m'malo modula, ndipo mudule mapiko awiriawiri. Loyambalo lithyoka Loweruka lomwelo.