Za Capri yanuyo achimwene: itsitseni, koma sipuling'i musaiyandikize moto

Achimwene a ku Bembeke, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi Ford Capri ya 1972 yomwe anasiya malemu amalume anu, mukufuna muitsitse kuti izioneka bwino, ndipo mukufuna choti muzitha kukweza kapena kutsitsa nokha popanda kuitanitsa ma coilover (shock ndi sipuling'i zophatikizana, zotheka kukweza kapena kutsitsa) odula ku Joni. Ena muno akulangizani kale kuti mungodula masipuling'i, kapena muwatenthe ndi gasi mpaka galimoto itsike yokha. Zimenezo ine ndikukana. Ntchitoyi ndi yotheka ndithu pakhomo mutapeza wowotcherera wodziwa ndi munthu wa makina osemera zitsulo a lathe, bola sipuling'i yokhayo mugule, musaipange.

Chitsulo cha sipuling'i chinaphikidwa kufakitale kuti chizipindika n'kubwerera. Mukachifiiritsa ndi gasi mphamvu ija imatha, chimapitiriza kutsika chokha mwezi ndi mwezi, mbali ina kuposa inzake, kenako chimathyoka pomwe munatenthapo. Kudula ndi galayinda kuli ndi vuto lakenso. Sipuling'i ikachepa mizere imalimba: ya mizere 8 yogwira ntchito mukachotsapo umodzi, kulimba kwake kumakwera ndi pafupifupi 14 pa 100 iliyonse, pomwe shock idakali yakale yomwe ija. Choopsa kwambiri n'chakuti yafupika, ndiye tayala likalendewera pa hampu imatha kuchoka pampando wake.

Musanagule kanthu, yezani. Imikani galimoto pa simenti yosalala, mpweya ukhale wofanana m'matayala onse, muyeze kuchokera pakati pa gudumu kufika pamlomo wa madigadi, mbali zinayi zonse, mulembe. Galimoto ya zaka zoposa 50 nthawi zambiri imakhala itatsika kale yokha, makamaka mbali ya dalaivala. Tsegulaninso boneti muone pamwamba pomwe strut, mwendo wa kutsogolo wokhala ndi shock ndi sipuling'i, imamangirira. Ma Capri amadyeka dzimbiri pamenepo, ndipo chinyezi chathu cha ku Dedza kuno sichithandiza. Gogodani ndi sikuludalaiva. Ngati pakubooka, ndalama yoyamba ipite pamenepo, zotsitsa zidikire.

Kutsogolo kwa Capri kuli MacPherson strut, paipi yomwe shock imakhala mkati ndipo sipuling'i imakhala kunja pa kambale kowotcherera. Apa ndi pomwe chosinthasintha mukufunacho chimapangika. Masulani strut yonse, sipuling'i muifinye ndi chida chake chofinyira, musayesere ndi waya kapena lamba, imavulaza. Kenako tsegulani nati yaikulu ya pamwamba, mutulutse zonse za mkati ndi mafuta ake, paipi itsale yopanda kanthu komanso yotsuka. Apa ndikubwereza chifukwa owotcherera ena amafulumira: osawotcherera paipi muli shock mkati. Ina imakhala ndi gasi, ikatentha imaphulika.

Kambale kakale kaja mukadule mosamala, galayinda isalume paipi. M'malo mwake mumalowetsa paipi ina yaifupi yokhala ndi mazinga kunja, yomwe amati sleeve, ndi manati awiri aakulu: yapamwamba yonyamula sipuling'i, yapansi yotsekera inzakeyo kuti isamasuke. Sleeve ikhale pa mkombero wachitsulo wowotcherera kuzungulira paipi yonse, kusiyana ndi kudontheza apo ndi apo monga amachitira pa geti. Kulemera kwa kutsogolo konse, injini ndi zonse, kudzatsamira pa mkomberowo. Choncho uzani wowotcherera azipita pang'onopang'ono, mbali iyi kenako mbali inayo, azilola pazizire, chifukwa paipi ikapindika ndi moto shock siidzalowanso. Wa lathe mumupatse strut yeniyeniyo ayeze yekha, musamutumizire manambala pafoni. Ku Lilongwe cha ku Biwi ndi Malangalanga simungasowe wokuloserani komwe kuli makina otere. Muuzeni mazinga akhale aakuluakulu. Ang'onoang'ono amaoneka bwino tsiku loyamba, koma fumbi la mwezi wa Okutobala ndi matope a Januwale zikalowamo nati imauma, simudzaitembenuzanso. Mazinga otalikirana mamilimita 2 ndi abwinonso powerengera: kuzungulitsa kamodzi, galimoto yakwera kapena kutsika pafupifupi mamilimita awiri.

Sipuling'i zake zimakhala zopyapyala kuposa zoyamba zija, zambiri ndi za mainchesi 2.25 mkati mwake, omwe ndi mamilimita 57, ndipo pamwamba pamafunikanso kambale katsopano kolingana nazo. Izi ndiye zoitanitsa, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa coilover yathunthu. Musatengeke ndi zolimba kwambiri za pa mpikisano. Zimenezo anapangira msewu wosalala, pa zigamba za M1 mudzangomva mano kugundana ndipo tayala lizidumpha m'malo mogwira pansi. Wogulitsa muuzeni mtundu wa injini, chifukwa Capri ya V6 ndi yolemera kutsogolo kuposa ya 1600.

Tsono mutsitse mochuluka bwanji? Ine ndikuti mamilimita 25, mukalimba mtima 40, basi. Millimita iliyonse yomwe mwatsitsa mwaichotsa pa mpata womwe shock imayendamo isanagunde pansi pake. Mukadutsa pamenepo galimoto imayamba kukhalira pa labala yotchinga ija, bump stop, ndipo ikagunda dzenje mphamvu yonse imapita ku bodi, pomwe paja panali dzimbiri. Ofuna kutsika kwambiri amafupikitsa paipi ya strut n'kuikamo shock yaifupi, koma akatero mkono wa pansi ndi tie rod, ndodo yokhotetsa tayala, zimayamba kuloza kumwamba, chiwongolero n'kumakoka chokha tayala likakwera pa chinthu. Ganizirani zimenezo zikukuchitikirani pa makona a Khwekhwelere mukutsikira ku Golomoti. Njira yodziwira mpata wotsala ndi yosavuta: mangani kachingwe ka pulasitiki, cable tie, pa ndodo yonyezimira ya shock, kakankhireni pansi, yendani ulendo wanu wa masiku onse, mudzaone pomwe kafika. Kakakhala kuti kakanikizidwa mpaka pa labala, kwezani nati.

Kumbuyo nkhani ndi yaifupi. Kuli masipuling'i a mapale, ndipo ekiselo imakhala pamwamba pawo, ndiye mukaika chidutswa chachitsulo kapena cha aluminiyamu pakati pa ekiselo ndi mapale, galimoto imatsika molingana ndi kukhuthala kwa chidutswacho. Chikhale chosema kuchokera ku chitsulo chathunthu, chokhala ndi kabowo pansi kolowa mutu wa centre bolt, bawuti yapakati yomanga mapale, ndi kamsomali pamwamba kogwira ekiselo kuti isasunthe. Ma U-bolt, mabawuti okhota omangira ekiselo ku mapale, akhale atsopano, aatali, osalumikiza. Kuchotsa pale limodzi, monga ndamva wina akunena, kumangofewetsa sipuling'i, anthu awiri akakwera kumbuyo tayala lizikhula madigadi. Kuika coilover pomwe pali shock ya kumbuyo nakonso ndikukaniza, malo amenewo sanapangidwe kuti azinyamula galimoto. Mukafuna zosinthasintha kumbuyo, semetsani zidutswa mitundu iwiri, za 25 ndi za 40, n'kumasintha. Mukamaliza gwadani muyang'ane: mapeto a U-bolt asatsike kupitirira mlomo wa rimu. Marimu a Capri ndi a mainchesi 13 okha, tayala likaphulika chitsulo chimenecho ndi chomwe chingayambe kukumba phula.

Ambiri amene amaonetsa magalimoto ogwa pansi pa Facebook sayenda misewu yathu. Inu kuchoka kwanu kufika pa M1 pali fumbi ndi migula ya madzi, ndipo mukalowa phula mukukumana ndi mahampu a m'misika, kaya mwalowera ku Lizulu ndi Ntcheu, kaya ku Linthipe ndi Chimbiya. Choyamba kugunda si bampala, ndi sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ndi ekizozi. Sampu ikabooka oyilo amatha musanazindikire, ndipo injini ya Capri simungaipeze pa shelefu ku boma. Pitani ndi tepi pa hampu yomwe mumaiopa kwambiri, muyeze, muyerekeze ndi mpata wa pansi pa sampu muli anthu m'galimoto. Kachitsulo kotchinga sampu ka mamilimita atatu kapena anayi n'kotchipa, kaikeni.

Pomanga, galimoto ikhale pa ma stand achitsulo, njerwa zimaphwanyika. Mabawuti odutsa m'malabala muwalimbitse komaliza galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake, apo ayi malabala amapotoka n'kung'ambika msanga. Potembenuza manati a sleeve muziyamba mwakweza ndi jeke kuti sipuling'i ipepukidwe, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo mazinga muwapake girizi n'kuwaveka chidutswa cha chubu cha njinga yamoto. Tayala likalendewera gwedezani sipuling'i ndi dzanja. Ikamasewera, pakufunika kasipuling'i kothandizira kapena yaitaliko.

Mukasintha msinkhu, alayimenti yasokonekera, makamaka toe (momwe matayala alozera, mkati kapena kunja), ndipo matayala akutsogolo adzadyeka mbali imodzi. Pitani nayo pa makina musanayende ulendo wautali, magetsi akutsogolo awawongolenso. Mukayenda makilomita ngati 100, bwererani ku ma U-bolt muwalimbitsenso, ndipo muunike mkombero wowotcherera uja ndi tochi ngati pali mng'alu. Za COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, kafunseni ku Road Traffic musanadule chilichonse, mumve okha zomwe amalola. Ndipo ngati mungapeze ma strut ena akale, dulani amenewo, a amalumewo muwasunge athunthu, chifukwa wodzagula Capri mtsogolo muno adzafunsa zitsulo zake zoyambirira.