Kuitanitsa Nandi wa Pakachisi kuchokera ku Tamil Nadu

Mayi, mwafunsa ngati munthu angathe kupikula ziboliboli za Nandi, nkhunzi ya Ahindu, ku India n'kudzazigulitsa kuno ku Durban monga timachitira ndi nsalu kapena ziwiya. Zazing'ono zamkuwa, zoika m'nyumba, zimatheka motero, koma Nandi wa pakachisi sapikulidwa ayi. Amachita kuitanitsidwa ndi miyezo yake.

Chifukwa chake chili m'kamangidwe ka kachisiyo. Nandi ndi nkhunzi imene mulungu wawo Shiva amakwera, ndipo imagwada m'khumbi lakelake la mizati yamiyala, lotchedwa Nandi mandapa, itapenya molunjika khomo la chipinda chopatulika momwe muli lingam, mwala woimira Shiva. Msinkhu wake uyenera kuyenerana ndi khomolo, choncho ansembe pamodzi ndi mmisiri wa kachisi, amene amamutcha sthapati, ndiwo amapereka miyezo, ndipo wamalonda sayenera kuisintha ngakhale pang'ono. Ku Thanjavur, mzinda wa m'chigawo cha Tamil Nadu kummwera kwa India, pakachisi wa Brihadeeswarar amene mfumu Rajaraja Chola inamaliza mu 1010, pali nkhunzi yosemedwa pamwala umodzi, ya mamita pafupifupi 6 m'litali, ndipo mukaima kumbuyo kwake mumadzionera nokha mmene yalunjikira khomolo.

Zamwala timaitanitsa kwa osema a ku Mahabalipuram, kummwera kwa Chennai, pomwe zamkuwa zabwino zimachokera ku Swamimalai, ku Tamil Nadu komweko. Mumapereka gawo la ndalama poyamba, kenako n'kudikira miyezi ingapo. Lamulo la India la 1972 limaletsa kutulutsa zinthu zakale zopitirira zaka 100, motero ndi bwino kukhala ndi chiphaso cha Archaeological Survey of India, bungwe la boma loyang'anira zinthu zakale, chotsimikizira kuti chibolibolicho ndi chatsopano, makamaka ngati osema anachidetsa kuti chioneke chakale.

Phindu lambiri limathera pa kulemera. Mwala wa granite wa mita imodzi mbali zonse umalemera matani oposa 2.5, choncho werengerani sitima, msonkho ndi galimoto yonyamula musanatchule mtengo. Ine ndimaonetsetsa ndekha kuti nyanga ndi makutu zakulungidwa payokha bokosi lisanakhomedwe, ndipo inshulansi sindiisiya, chifukwa ansembe salandira chiboliboli chobenthuka, ngakhale chitamatidwa mwaluso chotani. Ndalama zotsala muzigwirizana ndi eni kachisi kuti azikupatsani akatsegula bokosi pakachisi, mwambo wopatula chibolibolicho, wotchedwa kutsegula maso a Nandi, usanachitike.