Alamu, inshuwalansi ya lole si ya katundu wanu

Alamu, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pagulupu, loti mukusamuka ku Chilomoni kupita ku Area 25 kumapeto kwa mwezi, ndipo mwini lole wakuuzani kuti musade nkhawa, galimoto yake ili ndi inshuwalansi. Ndati ndingolankhula, kulemba kunditalikira.

Inshuwalansi akunenayo ndi ya galimoto, kapepala komata pagalasi kaja. Kawirikawiri imakhala third party, ija lamulo limakakamiza galimoto iliyonse. Imalipira munthu amene lole yamugunda, kapena galimoto ya eni ake imene yaphwanyidwa. Mipando yanu ndi firiji mulibemo. Ngakhale ikhale comprehensive, chowonjezera ndi kukonza lole yakeyo basi. Ya katundu ndi ina, amati goods in transit. Akuonetseni pepala lake, zapakamwa ayi. Muonepo tsiku lothera, nambala ya lole, malire a ndalama pa ulendo umodzi, ndi mtundu wa katundu, chifukwa ena anadula ya chimanga kapena simenti, ziwiya za m'nyumba sizilowamo. Akayamba kuzungulirazungulira, dulani yanu ya ulendo umodzi. Funsani ku NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, kapena kwa broker, mkhalapakati wa za inshuwalansi, muyerekeze awiri atatu. Mulipire ndi kulandira pepala lole isanayambe kupakira.

Ndiye pali mitundu iwiri, apa mumvetsetse. Yotchipa imalipira pokhapokha lole yapsa, yagundana kapena yagubuduzika. Mvula ikakupezani pa Ntcheu matiresi onse nkunyowa, kapena anyamata akagwetsa TV potsitsa, simuona ngakhale tambala. Inayo ndi all risks, yolipira pa zovuta zambiri, yokwererapo mtengo, koma ndi imene ine ndinganene kuti mutenge. Mufunsenso ngati kupakira ndi kutsitsa zili momwemo, poti zambiri zimaswekera pakhomo, osati pa M1. Ngati lole ndi yosatseka, tenti ikhale yosabooka ndi yomanga bwino. Akapeza kuti katundu anayenda wosaphimba, akana.

Tsopano mndandanda. Khalani pansi ndi achemwali, chipinda ndi chipinda, mulembe chinthu chilichonse ndi mtengo wake. Za magetsi mulembe dzina ndi nambala ili kumbuyo ija, mujambule, malisiti amene alipo muwasonkhanitse. Muwafunse ngati akufuna mtengo wogulira chatsopano lero kapena wa chinthucho mmene chakalambiramu. Koma chonde alamu, musachepetse mtengo kuti mulipire zochepa. Tinene kuti katundu yense ndi wa K10 miliyoni, inu mwalembetsa K5 miliyoni. Panjira pawonongeka za K2 miliyoni. Mukuganiza kuti akupatsani 2 yonse poti siyikufika pa 5, eti? Iyayi. Amati munalembetsa theka, ndiye alipira theka, K1 miliyoni. Pamenepo achotseponso excess, gawo lija mumasenza nokha pa kleimu iliyonse. Muifunsiretu kuti ndi zingati, chifukwa ikakhala K200,000, matambula ndi mbale zosweka musavutike n'kukadandaula.

Makatoni omanga nokha ndi pamene pamabuka mikangano. Mapepala ambiri amati zosweka za m'katoni yomwe mwini wake anamanga yekha salipira, kupatula ngati lole yachita ngozi kapena katoniyo ikuoneka yophwanyika kunja. Ndiye mbale muzikute imodziimodzi ndi nyuzipepala, muziimike chambali, mipata mutseke ndi zovala. Katoni iliyonse nambala, nambalayo ikhalenso pa mndandanda. TV iyende choimirira, galasi lake silifuna kugona. Chinanso, firiji kapena TV ikafika yosakalika paliponse koma ikukana kuyaka, amati ndi matenda ake akale. Jambulani kavidiyo zikugwira ntchito m'mawa wa tsikulo. Sikuti basi mwapambana, komabe muli ndi poyambira.

Ndalama, mphete, masatifiketi, mapepala a malo, laputopu, izo zikhale m'chikwama chanu, inshuwalansi zotere kawirikawiri sizizilandira. Silinda ya gasi muwauze kuti ilipo.

Ulendowo ndi wa makilomita oposa 300, lole yodzaza imatenga tsiku. Inyamuke m'mamawa, wina wa kwanu akhale kutsogolo ndi dalaivala. Kuba pa lole yosiyidwa yopanda munthu, anthu akudya pa Zalewa kapena yagona panjira, ambiri salipira. Dalaivala asakwezenso anthu kapena matumba a makala pamwamba pa katundu wanu.

Mukafika, werengani makatoni akutsika. Pepala lolandirira katundu musasayine mwachangu poti kwada ndipo anyamata akufuna azipita. Chosowa kapena chophwanyika mulembe pomwepo, dalaivala asayinenso, mujambule chili pa lole pomwepo. A inshuwalansi muwaimbire tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, kenako mulembe kalata, chifukwa masiku odziwitsira amakhala owerengeka, ali pa pepala lanulo. Chosweka musataye kapena kupereka kwa amisiri asanabwere owona. Kukakhala kuba kapena ngozi, lipoti la apolisi a dera lomwe zachitikiralo ndi lofunika. Akakukanirani popanda chifukwa chomveka, dandaulo limapita ku Reserve Bank, ndiwo amayang'anira makampani amenewa.

Ee, ndikanaiwala. Ngati muli ndi inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, inalembedwa pa adiresi ya ku Chilomoni. Muwauze ya ku Area 25 musanalowe, apo ayi mbala zikathyola kumeneko mudzangogwira pakamwa. Firijiyo ikatsika iyime maola angapo musanayatse, mafuta abwerere m'malo mwake. Mwini lole akatumiza pepala lakelo mundiponyere ndilione. Moni kwa achemwali ndi ana.