Za Dale Earnhardt ndi galimoto yakuda ya nambala 3

Achimwene, mwafunsa ngati Dale Earnhardt analidi dalaivala woposa onse mu NASCAR, mipikisano ya magalimoto ya ku America, kapena anthu amangomukweza chifukwa anafera pachiwongolero dziko likuonera. Mwatinso mavidiyo omwe mwaona pa YouTube akuonetsa munthu wokonda kugunda anzake kumbuyo. Mundipirire, ndilemba motalika chifukwa nkhaniyi ili pamtima panga. Ine masewerawa ndinawadziwira kuno ku North Carolina nditabwera kudzagwira ntchito ya umakaniko. Mkuluyu anali atamwalira kale, koma m'galaja yomwe ndinayambira dzuwa silinkalowa dzina lake lisanatchulidwe. Bambo wina wachikulire yemwe ndinkagwira naye ntchito anali ndi nambala 3 yopendekeka atamata pa bokosi lake la masipanala, ndipo ndi iye anandibwereka matepi akale amipikisano kuti ndikaonere kunyumba.

Mavidiyo mwaonawo sakunama. Tengani za ku Bristol, usiku wa mu Ogasiti 1999. Bwalo limenelo ndi laling'ono, silikwana ndi kilomita imodzi yomwe, magalimoto amakhala ali phathiphathi. Terry Labonte anali atangosintha matayala, akubwera ngati mphepo, ndipo anamupitirira Earnhardt akulowa raundi yomaliza. Atafika pakona yachiwiri Earnhardt anamugunda kumbuyo, galimoto ya Labonte n'kuzungulira, ena obwera m'mbuyo n'kuigunda. Earnhardt anapambana, koma khamu la anthu linamukuwiza mpaka mawu ake pa wailesi ya kanema kumveka movutikira. Atamufunsa anati sankafuna kumugwetsa mnzakeyo, ankangofuna kumugwedeza pang'ono. Ku Richmond mu 1986 anachita zofanana kwa Darrell Waltrip kutatsala maraundi ochepa, onse awiri n'kukaomba chipupa, mpikisano n'kutengedwa ndi Kyle Petty, ndipo Earnhardt analipitsidwa chindapusa. Dzina lakuti The Intimidator, kutanthauza woopseza anzake, sanalitole pansi.

Ndiye amene akuti anali waukhondo pampikisano akunena za pamaliro. Kwathu tonse tikudziwa kuti pamwambo wa maliro wolankhula m'malo mwa banja satchula ngongole za malemu. Ku America nakonso zinachitika chimodzimodzi. Ambiri mwa omwe ankakweza zala zitatu m'mwamba pa raundi yachitatu ya mpikisano uliwonse wa 2001 ndi omwewo ankamukuwiza chaka cha 1999.

Koma kunena kuti imfa ndiyo inamupanga katswiri, apo ndikukana kwamtuwagalu. Pofika 1994, zaka zoposa zisanu ndi chimodzi asanamwalire, anali atatenga kale ukatswiri wa chaka kasanu ndi kawiri: 1980, 1986, 1987, 1990, 1991, 1993 ndi 1994. Nthawi imeneyo ndi Richard Petty yekha anali atafikapo pamenepo. Mu 1979 anasankhidwa kukhala wopambana mwa ongoyamba kumene, chaka chotsatira n'kutenga chikho chenichenicho. Mu 1987 mokha anapambana mipikisano 11, ndipo moyo wake wonse anapambana 76 mu ligi yaikulu. Munthu sungatole mapointi chaka chathunthu, kasanu ndi kawiri, ndi bampala basi. Wogunda anzake naye amaphwanya galimoto yake, ndipo kalelo mapointi ankawerengedwa kuyambira mpikisano woyamba mpaka womaliza, kotero wosamaliza mipikisano analibe chake.

Kuti mumvetse kayendetsedwe kake muyambe ndi komwe anachokera. Anabadwa mu 1951 ku Kannapolis, tauni ya fakitale yoluka nsalu za thonje. Bambo ake, Ralph Earnhardt, ankathamanga pa mabwalo ang'onoang'ono a dothi, galimoto akukonzera kuseri kwa nyumba. Dale sukulu anaisiyira panjira, ndipo bambo akewo anamwalira ndi matenda a mtima mu 1973 iye asanafike patali. Ankathamanga ndi ndalama zangongole, banja likudikira zomwe apate Loweruka usiku. Pa mabwalo oterowo ukamupatsa mnzako njira mwaulemu ndiye kuti wamupatsanso chakudya cha ana ako. Sindikumuikira kumbuyo pa za Labonte, ndikungoti khalidwelo linali ndi mizu, ndipo anthu ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'magalaja ankadziona okha mwa iye. Ndinapitako ku Kannapolis kukaona chiboliboli chake. Sanamuumbe atavala zampikisano ayi. Wavala jinzi ndi malaya wamba, manja atapinda pachifuwa, ngati munthu amene waima pakhomo la galaja kudikira kuti umuuze vuto la galimoto yako.

Luso lake lenileni linkaonekera pa mabwalo akuluakulu awiri, Daytona ndi Talladega. Kumeneko malamulo ankachepetsa mphamvu ya injini poika kachitsulo kotchinga mpweya wolowa, choncho magalimoto onse ankathamanga liwiro lofanana, pafupifupi makilomita 300 pa ola, ali mulu umodzi. Wopambana ndi amene akudziwa kugwiritsa ntchito mphepo. Ukakhala kumbuyo kwenikweni kwa mnzako, iye ndiye akung'amba mphepo, iwe ukukokedwa, ndipo nonse awiri mumathamanga kuposa amene ali yekha. Ukatuluka mumzere nthawi yolakwika, ena onse amakudutsa ngati waima. Anzake ankati Earnhardt amaiona mphepoyo ndi maso. Ku Talladega anapambana kakhumi mu ligi yaikulu. Komaliza kunali mu Okutobala 2000, ali ndi zaka 49: kutatsala maraundi ngati asanu anali pa nambala 18, ndipo anadutsa pakati pa mulu wonsewo, Kenny Wallace akumukankha kumbuyo, mpaka kukatsogola. Palibe amene anagwetsedwa. Chaka chimenecho anamaliza wachiwiri pa mapointi, kumbuyo kwa Bobby Labonte. Munthu wa zaka 49!

Chomwe chinkamuvuta chinali Daytona 500, mpikisano wotsegulira chaka komanso waukulu pa yonse. Pa bwalo lomwelo ankapambana mipikisano ina yonse, koma uwu wokha unkamupulumuka m'manja. Mu 1986 mafuta anamuthera. Mu 1990 akutsogola pa raundi yomaliza anaponda kachitsulo, tayala n'kuphwa, Derrike Cope n'kudutsa. Mu 1993 Dale Jarrett anamulanda kumapeto. Anadzapambana mu 1998, ulendo wake wa 20. Tepi ya tsiku limenelo ndinaibwereza kangapo. Akubwerera pang'onopang'ono mumsewu wosinthira matayala, amakaniko a matimu onse, kuphatikiza a anthu omwe iye anawaphwanyirapo magalimoto, anatuluka n'kundanda mzere wautali, aliyense atatambasula dzanja kuti amugwire kudzera pawindo. Amenewa ndi anthu omwe ankagona mochedwa kuwongola zitsulo zomwe iye anapinda. Ankamudziwa bwino kuposa inu ndi ine, ndipo ulemu umenewu anamupatsa ali moyo.

Za pa 18 Febuluwale 2001 ndinene mosamala. Pa raundi yomaliza ya Daytona 500 kutsogolo kunali Michael Waltrip ndi Dale Earnhardt Jr., mwana wa Earnhardt, onse awiri m'magalimoto a timu ya mkuluyu, iye ali wachitatu kutchinga obwera m'mbuyo. Pakona yomaliza galimoto yake inakhudzana pang'ono ndi ya Sterling Marlin, inakhotera m'mwamba, inagundana ndi ya Ken Schrader n'kukaomba chipupa cha konkire chamutu. Poonera pa kanema ngoziyo sinkaoneka yoopsa. Tsiku lomwelo galimoto ya Tony Stewart inali itauluka ndi kugubuduzika, iye n'kupulumuka. Koma galimoto yogubuduzika imataya mphamvu pang'onopang'ono, pomwe yoomba chipupa imaima mwadzidzidzi. Thupi linagwidwa ndi malamba, mutu unapitirira kutsogolo, fupa la pansi pa chigaza n'kuthyoka. Schrader atatuluka m'galimoto yake anasuzumira pawindo, pomwepo n'kuyamba kukodola achipatala ndi manja onse awiri. Waltrip anali akukondwerera kupambana kwake koyamba atayesa maulendo oposa 460, osadziwa kanthu. Marlin pambuyo pake analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, mpaka Dale Jr. anachita kuuza anthu poyera kuti amusiye. Zimenezo zinali zochititsa manyazi, chifukwa kukhudzana kotero kumachitika pa mpikisano uliwonse.

Pali mfundo ina yomwe ndaona ena akukuyankhani nayo, yakuti cholowa chake chachikulu ndi chitetezo cha madalaivala. Zoona, chiyambire tsiku limenelo palibe dalaivala amene wafa pa mpikisano m'maligi atatu akuluakulu a NASCAR. Chipangizo chogwira mutu ndi khosi, chonga HANS, chinakhala chokakamiza mu Okutobala 2001. Zipupa zofewa zotchedwa SAFER zinayamba kuikidwa mu 2002, galimoto yamtundu watsopano n'kubwera mu 2007. Ryan Newman anachita ngozi yoopsa pa Daytona pomwepo mu 2020, patatha masiku awiri n'kutuluka m'chipatala akuyenda yekha, ana ake aakazi awiri atawagwira manja. Koma ulemu wa zimenezi ine sindiupereka kwa Earnhardt ngati kuti ndi ntchito ya manja ake. Iye ankavala chisoti chosatseka kumaso ndipo HANS sanaivale, ngakhale inalipo kale. Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti chaka cha 2000 chokha anyamata atatu anafa ndi kuvulala kwa mtundu womwewo: Adam Petty wa zaka 19, mdzukulu wa Richard Petty, mu Meyi, Kenny Irwin Jr. mu Julayi pa bwalo lomwelo la New Hampshire, ndi Tony Roper mu Okutobala ku Texas. Maliro atatu amenewo sanakwane kusintha lamulo la chipangizochi. Ngakhale Earnhardt atamwalira panadutsa miyezi isanu ndi itatu, Blaise Alexander n'kufanso ku Charlotte pa mpikisano wa ligi ina yotchedwa ARCA, lamulo lisanatuluke. Tikamanena za chitetezo tizitchula mayina onsewa, osati limodzi lokha.

Nanga woposa onse ndani? Richard Petty ali ndi zipambano 200, zomwe palibe adzazifike, koma zambiri anazipeza nthawi yomwe pachaka pankakhala mipikisano yoposa 40, ina yaing'onoing'ono, ndipo mu 1967 yokha anatenga 27. David Pearson anapambana 105 ngakhale zaka zambiri sankathamanga chaka chathunthu. Jeff Gordon ali ndi 93, ndipo ndi iye anamulanda mkuluyu ufumu kuyambira 1995. Jimmie Johnson anafika pa zikho zisanu ndi ziwiri mu 2016, zisanu mwa izo motsatizana kuyambira 2006 mpaka 2010, koma pa dongosolo lina la mapointi lomwe limayambiranso kuwerenga chakumapeto kwa chaka. Mukafuna manambala okha, Earnhardt sali pamwamba. Mukafuna dalaivala woyendetsa mwaulemu, tengani Mark Martin kapena Terry Labonte yemwe uja.

Ine ndimamuika pakati pa atatu oyambirira, ndipo pa Daytona ndi Talladega ndimamuika woyamba popanda wotsutsana naye. Za ku Bristol sindimukhululukira, Labonte usiku umenewo anaberedwa. Musanagamule, achimwene, fufuzani maraundi khumi omaliza a ku Talladega a mu Okutobala 2000, muonere onse osadumphitsa. Maso anu akhale pa galimoto yakuda ya nambala 3, ndipo muziwerenga magalimoto omwe ikuwadutsa.